Nkhani ya Adadi Pakamwa pa Marnie

Lolemba, 5 Febuluwale

Andiitana a Pellow Strang, kampani ya maloya. Imelo yafika ndili pamzere wogula sangweji, foni inatsala pang'ono kundipulumuka. Lachinayi la sabata yamawa, ku London, tsiku lathunthu: mayeso olemba, kukambirana pagulu, kenako intavyu ndi mabwana awiri. Akakukonda amakutenga zaka ziwiri zophunzira ntchito pakampani pawo, ukatero ndiwe loya weniweni. Osati zanga zino za ku Leeds, kusanja mafayilo a eni ake n'kumatchedwa "wothandizira".

Chaka chachitatu ndikufunsira m'makampani a maloya. Aka n'koyamba kufika pamenepa.

Woyamba kumuuza ndi Marnie, nanga wina ndani. Tinadziwana m'kalasi ya malamulo chaka choyamba, mpaka lero nyumba imodzi, firiji imodzi, kukanidwa kofanana. Iye chaka chino anati wapumira kaye, mtima wake watopa. Anakuwa pafoni mpaka anzake a muofesi anamufunsa ngati kwagwa zovuta. Akuti kuyambira lero iye ndiye bwana wondifunsa mafunso, ndipo chisoni ndisayembekezere.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Mutu wadzaza makampani ogulana, chiwongoladzanja, mitengo ya mafuta. M'basi ndikumawerenga nyuzipepala ya zamalonda ngati ndili ndi masheya kwinakwake.

Titaweruka M. anakhala kuseri kwa tebulo la kukhitchini, magalasi pamphuno, nkhope yokwinya. Funso loyamba: n'chifukwa chiyani mukufuna malamulo a zamalonda? Ndinayankha za aliyense zija, zoti ndimakonda kumasula nkhani zovuta, zoti malonda akusintha. Anayasamula dala. Akuti mabwana aja amazimva zimenezo kuyambira m'mawa mpaka amazilota.

"Iwe Fern, usandinamize ine. Chinakulowetsa m'zimenezi n'chiyani kwenikweni?"

Ndiye ndinamuuza za bekale. Zaka zonsezi amangodziwa kuti Adadi anali ndi bekale ya mapayi a nyama ku Halifax ndipo inatsekedwa. Zotsalazo sindinauzepo munthu. Zoti sitolo yaikulu yomwe inkagula pafupifupi mapayi onse inangoti basi, mwezi wamawa tasiya. Zoti ine, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndinatenga kontalakiti ija n'kuiwerenga ndekha, kusakasaka pomwe atilakwira, n'kupeza kuti sanalakwe paliponse. Kandime kamodzi chakumapeto kankawalola kuchoka nthawi iliyonse. Adadi anasaina osafunsa loya, poti ankakhulupirira munthu yemwe wagwirana nawo chanza. Ndipo tsiku lomwe anabwera kudzanyamula mauvuni, Adadi anavala epuloni yawo yoyera ngati tsiku lantchito, n'kuwathandiza anthu aja kukweza mulole.

M. analira. Ine ayi. Anati nkhani ndi imeneyi, zina zonse nditaye.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Suti ikundithina m'mapewa. Ivalidwabe.

Loweruka, 10 Febuluwale

Tsiku lonse ndi M. M'mawa anandipatsa nkhani ya kampani yopeka yofuna kugula inzake, ndilembe malangizo nthawi isanathe. Anati zolemba ndilibe vuto, vuto langa ndi pakamwa, ndimayankhula ngati ndikupepesa.

Masana tinabwerera ku nkhani ya bekale. Anandibwerezetsa mpaka ndinasasa mawu. Apa dula, apa chedwapo, za epuloni uziike kumapeto ndipo ukazinena ukhale chete pang'ono. Mafunso ake ndiye osatha: kandime kaja kankati chiyani ndendende, ndinawerengera pati, Adadi ananena chiyani lole itachoka. Ndinati sananene kanthu, anangotseka chitseko n'kundifunsa ngati ndadya. Anatseka maso n'kuti, "Imeneyo usaiiwale."

Ndinamuseka kuti akanakhala loya wa milandu, amatha kufinya mboni. Anati ndikalembedwa ntchito ndidzamugulire chakudya pamalo odula, asamangogwira yaulere.

Anthu ngati M. ndi ochepa. Munthu wakanidwa kangapo konse koma n'kumakonzera mnzake njira.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Ku Halifax, nyama yowotcha ndi mbatata monga mwa Lamulungu lililonse. M. sanabwere, akuti mutu. Amami anadandaula, paja amamutcha mwana wawo wachiwiri, ndipo anamulongezera chakudya m'kontena.

Adadi atopa, veni yonyamula katundu yomwe amayendetsa pano ikuwapweteketsa msana. Anandifunsa kuti kodi ku London amafunsa zotani. Ndinati za malonda basi. Sindinawauze kuti ndikanena za iwo. Nkhani ya bekale m'nyumba muja siitchulidwa, ngakhale tikamadutsa pamalo paja ndi galimoto amayang'ana kumbali. Ndikadzapambana ndidzawauza. Mwina.

Lachitatu, 14 Febuluwale

M. wapita ku Harrogate, akuti mayi ake sakupeza bwino. Anandikumbatira pakhomo n'kuti ndikawaonetse. Ndasita malaya, ndapukuta nsapato.

Lachinayi, 15 Febuluwale. M'sitima, pobwerera.

Ndilembe ndisanayambe kudzinamiza kuti sizinachitike.

Ndinalowa pamalo olandirira alendo, magalasi okhaokha, kapeti yomeza phokoso la nsapato. Anzanga a mayeso atakhala kale pamipando, aliyense dzina pachifuwa. Wachitatu kuchokera pakhomo, suti yabuluu yatsopano, tsitsi lomangidwa kumbuyo: Marnie.

Poyamba mutu wanga wopusawu unati wabwera kudzandilimbikitsa. Kenako ndinaona dzina pachifuwa pake. Anaimirira, nkhope itafiira, n'kundinong'oneza kuti andifotokozera, ndisakwiye pano. Mayi wotilandira anafunsa ngati tikudziwana. M. anati tinaphunzira sukulu imodzi. Basi. Sukulu imodzi.

Mayeso olemba ndinalemba, sindikudziwa kuti ndi mutu uti. Pagulu anatisiyanitsa, mwayi. Ndinayankhula, ndinamvetsera, ndinatchula anthu mayina monga anandiphunzitsira iye yemweyo. Ndinkadziuza kuti palibe kanthu, malo ndi angapo, wachita manyazi kundiuza basi. Pa nkhomaliro anakhala kutali, akuseka ndi loya wina wachinyamata. Iye intavyu anali atalowa kale m'mawa. Ine yanga inali masana.

Mabwana ake: Mayi Ravenscroft, a imvi, oyankhula motsitsa, ndi Bambo Oduya, omwetulira. Mafunso a zamalonda anayenda bwino, Bambo Oduya ankagwedeza mutu. Kenako funso lija, loti n'chifukwa chiyani ndikufuna malamulo a zamalonda. Ndinapuma monga tinakonzera, n'kuyamba. Bekale. Sitolo yaikulu. Nditafika pa kontalakiti ndinaona akuyang'anana. Bambo Oduya anasiya kulemba. Ndinapitiriza, ndimati mwina yawakhudza. Nditangoti tsiku lodzanyamula mauvuni, Mayi Ravenscroft anandidula, mwaulemu ndithu.

"Ndipo bambo anu anavala epuloni yoyera?"



Anati ndiwakhululukire, koma nkhani yomweyi aimva m'mawa, kungoti ija inali bekale ya buledi. Kandime komweko, lole yomweyo, ngakhale zofunsa mwana ngati wadya. Anafunsa ngati ndinapitako kwa anthu aja olipiritsa okonzekeretsa ma intavyu, poti akudziwa kuti ena amagawa nkhani zokonzakonza.

Ndinati nkhaniyi ndi yanga. Mawu anatuluka aang'ono, opepesa omwe aja. Dzina la M. linali palilime koma silinatuluke. Ndikanati chiyani? Mnzanga wandibera bambo anga? Mayi aja anati chabwino, n'kupita ku funso lina. Zotsalazo ankangomaliza mwambo.

Potuluka M. anali atapita kale. Foni yalira kangapo. Sindikuyankha.

Mayi wina yemwe wakhala moyang'anizana nane wandipatsa tishu.

Lachisanu, 16 Febuluwale

M. sanagone kuno. Kuntchito ndinati ndili ndi chimfine, komabe ndinapita. Onse akufunsa kuti zinayenda bwanji. Bwino, tidikire.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi Loweruka lija. Mmene ankandifunsa kuti kandime kankati chiyani ndendende, anali akuloweza. Mmene anatseka maso. Ine n'kumamuyamikira, mpaka kulemba muno kuti anthu ngati iye ndi ochepa. Ochepadi.

Misozi ya Lachitatu lija inali yeniyeni? Mwina inali yeniyeni, ndiye zoipa kwambiri.

Loweruka, 17 Febuluwale

Anabwera chakumasana ndikuchapa. Anaima pakhomo la khitchini chikwama chili paphewa, ngati mlendo.

Akuti anafunsira mu Disembala mwakachetechete chifukwa sakanapirira kukanidwanso pamaso panga. Imelo yake inafika tsiku lomwelo ndi yanga. Ankafuna kundiuza, koma ndinali wosangalala kwambiri, ndiye tsiku lililonse zinkavutiravutira. Zimenezo ndikanazimvetsa, ndinamuuza choncho. Ndinati za nkhani ija nanga?

Akuti sanakonzekere. Funso litabwera mutu unangoti zii, n'kutuluka zomwe zinali pafupi. Ndinamufunsa kuti buledi uja anabwera yekha? Munthu wosokonezeka amakumbukira kusintha mapayi kukhala buledi? Anayang'ana pansi.

Kenako anakwiya, iyeyo. Akuti sankadziwa kuti tikumana ndi mabwana omwewo, akanadziwa sakanatero. Ndinati ndiye vuto ndi kugwidwa. Anati ayi, vuto n'lakuti iye alibe nkhani. Bambo ake ndi dokotala wa mano, nyumba yawo sinagwedezekepo, akafunsidwa chifukwa chake alibe chonena, ndipo zaka zitatu akumukana chifukwa cha zimenezo.

"Iwe uli ndi moyo wonse wa zinthu zoterezi, Fern. Ungapeze ina. Komanso mmene unandiuzira inali yosalongosoka, ndinaikonza ndine."

Ndinaikonza ndine. Ndinangomuyang'ana. Ndikanakhala wina ndikanamuponyera mbale. Ndinamufunsa ngati adzawaimbira mabwana aja n'kuwauza zoona. Anati zikatero tonse awiri tatayika, ndipo dzina lake lidzamveka m'makampani onse. Tidikire kaye, mwina atitenga tonse.

Analowa kuchipinda kwake. Ndikumumva akuyenda. Khoma la nyumba ino n'lopyapyala.

Lamulungu, 18 Febuluwale

Sindinapite ku Halifax. Ndinawauza Amami kuti ndatopa. Anati ndimupatse moni Marnie.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

Tikusinthana khitchini ngati anthu odikira bafa kuhositelo. Wandisiyira tiyi pakhomo la chipinda changa. Ndinamupeza atazizira, ndinakamutaya musinki.

Lachitatu, 21 Febuluwale

A Pellow Strang aimba nthawi ya nkhomaliro. Mayi wa zolemba anthu ntchito, dzina lake Prisha. Ndinatuluka panja pamvula kuti a muofesi asamve.

Sananditenge. Akuti pa mayeso olemba ndinali mwa opambana kwambiri, pagulu ndinachita bwino, koma pa intavyu mabwana sanakhutire kuti zomwe ndinkanena zinali zochokera mumtima. Anazinena mosamala, ngati akuponda pa mazira. Anati chaka chamawa ndiyese kubweretsa chinthu changachanga.

Kenako anafunsa ngati ndili ndi chowonjezera. Ndinaima pansi pa denga la pamalo okwerera basi, madzi akudontha m'khosi. Ndinati nkhani ija ndi ya bambo anga enieni. Anati wamva ndipo azilemba, koma chigamulo chapangidwa, ndipo sangakambe nane za munthu wina aliyense. Mawu ake anali achifundo. Ndikuganiza kuti aliyense wokanidwa amanena zofanana.

M. ndiye amutenga. Sanandiuze. Ndinamumva madzulo akuyankhula ndi mayi ake motsitsa, kenako kuseka kotsekereza ndi dzanja. Mayi ake omwe ankati sakupeza bwino aja.

Anamukhulupirira chifukwa anaimba bwino nyimbo yanga. Mwini wake ndinachita chibwibwi.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Waika pa intaneti. Chithunzi atavala suti yabuluu, mawu othokoza onse omwe anamuthandiza paulendowu. Anzathu a kusukulu akumuyamikira, ena akundilembera kuti pepa, chaka chamawa ndi chako, bola mnzako akakutsegulira chitseko.

Amami aona. Aimba ali ndi chisoni cha ine ndi chimwemwe cha iye, zonse pamodzi. Akuti sankadziwa kuti tinapita tonse, koma ndiye ubwenzi umenewo, wina akagwa wina aimirire. Amuitana kale Lamulungu kuti tidzamudyere limodzi. Ndinati Amami musatero. Anandidzudzula kuti nsanje si khalidwe lomwe anandilera nalo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Koma kuti ndiwauze za M. ndiyenera kuwauza kuti ndinatenga tsiku loipitsitsa la Adadi n'kupita nalo ku London osawapempha. Ndinangoti chabwino.

M. sabwera. Alibe nkhope yoti n'kubwera nayo.

Lachisanu, 23 Febuluwale

Ndakaona chipinda ku Headingley. N'chaching'ono, zenera likuyang'ana khoma la eni. Ndati ndichitenga.

Lamulungu, 25 Febuluwale

Anabwera. Ndi maluwa a Amami ndi botolo la vinyo.

Ine ndinafika m'mawa ndekha, ndinali kusenda mbatata belu likulira. Amami anamukumbatira pakhomo. Adadi anadzuka pampando, ndi msana wawo womwewo, n'kumugwira chanza ndi manja onse awiri. Anamuuza kuti wawanyaditsa, ndipo akafika kumeneko asamuiwale Fern wawo. M. anati sangamuiwale. Anandiyang'ana mwachangu, maso opempha. Ndikuganiza kuti anawerengera kuti pamaso pa Adadi sindingayerekeze, ndipo tikadya limodzi kamodzi nkhani yafa.

Tinakhala patebulo. Amami anamuikira nyama yabwino. Adadi, omwe sakonda kufunsa zambiri, lero ndiye anali ndi chidwi. Anamufunsa kuti kodi anawauza chiyani mabwana aja mpaka anagonja.

M. anaseka pang'ono n'kuti za malonda basi.

Ndinaika foloko pansi. Mawu anatuluka bwinobwino, osanjenjemera, mpaka ndinadabwa.

"Awuze Adadi, Marnie. Awuze za bekale ya bambo ako."

Amami anati bambo ake si a mano kodi? M. anati Fern chonde, osati pano. Ndinati ngati sanena ndinena ndine. Ndipo ndinanena, mwachidule, ndikuyang'ana mbale yanga. Kuti ndinakonza zokanena za bekale yathu. Kuti ndinamuuza iye zonse. Kuti anakalowa m'mawa n'kuzinena ngati zake, ine pofika masana n'kuoneka wakuba.

Amami dzanja pakamwa. M. anayamba kulira, akuti sanafune kupweteka aliyense, amawakonda ngati makolo ake, anali ndi mantha basi.

Adadi anapukuta manja, anadzuka pang'onopang'ono, n'kupita kukhonde. Ndinkati atuluka, monga amachitira nkhani ikawakulira, ndipo mtima unandigwa chifukwa wowavula pagulu ndinali ine. Koma anabwerera ndi jekete la M. Analigwira motambasula kumbuyo kwa mpando wake, mmene amachitira ndi alendo olemekezeka, n'kudikira. M. anayang'ana Amami. Amami anayang'ana pawindo. M. anadzuka, anapisa manja m'jekete, Adadi anamuperekeza mpaka pakhomo. Ndinawamva akumuuza kuti sitima ya ku Leeds imanyamuka pafupipafupi Lamulungu, ayende bwino. Chitseko anatseka mosamenyetsa.

Anabwera n'kukhala. Chakudya chinali chitazizira, palibe anachikhudza. Ndinati Adadi pepani, ndinayenera kukupemphani kaye. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa:

"Ndiye unakawauza zotani za ine?"

Ndinati zilibenso ntchito. Anati kwa iwo zili ndi ntchito, anthu achilendo azimva kawiri, mwini wake sanazimvepo. Ndiwauze mmene ndinakonzera.

Ndinayamba. Sitolo yaikulu, kontalakiti. Nditanena kuti ndinaiwerenga ndekha anakweza mutu, n'kuyang'ana Amami, sankadziwa. Nditafika poti anasaina osafunsa loya anandidula.

"Ayi, apo walakwitsa. Loya ndinamufunsa. Anandiuza kuti ndisasaine."

Amami anawatchula dzina, Graham, motsitsa. Adadi anati asiye, mwanayu wakula. Anakankhira mbale kumbali, anaika zigongono patebulo, n'kuyamba kuyambira pachiyambi, chaka chomwe anagula uvuni woyamba.